Tsiku Limene Ndinaimitsa Nkhumba ya Apongozi Anga

Januwale, chaka chachitatu cha Chitaganya

Ana anga, za ubwana wanga ku Naperi mwazimva mpaka kutopa nazo, choncho ndiyambira pomwe ndinavala yunifolomu. Ndinatuluka ku koleji ndi setifiketi ya zaukhondo ndi kasamalidwe ka ana, ndipo ananditumiza ku kachipatala ka amayi ndi ana ku Limbe, kuseri kwa masitolo a Amwenye. Ntchito yanga inali kuyeza ana pasikelo, kuphunzitsa amayi pakhonde pamene akudikira jakisoni, ndiponso kuyendera makomo masana kukaona zimbudzi, maenje a zinyalala ndi mitsuko ya madzi akumwa. Ndinali kamtsikana, koma setifiketi ija ndinkaisenza ngati mtsuko wodzaza, khosi lili gwa, osacheukira kumbali.

Bwana wanga anali Sisitala wachizungu, wamtali, wouma thupi. Amayi anawapatsa dzina loti a Koloko chifukwa ankalankhula nawe maso ali pa wotchi yolendewera pachifuwa pawo. Sanali oipa mtima, kungoti kwa iwo chinthu chinali choyera kapena chakuda, pakati panalibe. Masiku amenewo zachipatala zonse zinkalamulidwa kuchokera ku Halale, ndiye katundu ankafika mochedwa, kapena ankafika wina amene sitinaitanitse. Sopo tinkamudula ndi ulusi tizidutswa topyapyala kuti atifikitse kumapeto a mwezi. Kathumba kopachikira ana pasikelo ndinakasoka kambirimbiri mpaka nsalu yoyamba inatheratu, kanatsala ka zigamba zokhazokha. Zithunzi zophunzitsira zinabwera zolembedwa m'chilankhulo cha kumeneko, ine n'kumadula timapepala, kulemba Chinyanja, n'kumata pamwamba ndi phala la ufa.

Amayi nawo sankatikhulupirira. Ankati ndife anthu a Chitaganya, ndipo mkaka wa ufa umene tinkagawa unali woti asaberekenso. Poona kuti kulankhula sikuthandiza, ndinayamba kusungunula kapu imodzi m'mawa uliwonse n'kumwa iwo akuona. Ndinanenepa masaya, kenaka ndinakwatiwa n'kutenga pakati, ndipo mayi wina wa ku Bangwe anandiyang'ana mimba nati tsopano wakhutira, ndimupimire mkaka wake.

Mwa zithunzi zonse zija panali chimodzi chimene ndinkachikonda kuphunzitsa, chifukwa chinkachititsa amayi kukhala chete. Mbali ina anajambula nyama ya nkhumba yokhala ndi timadontho toyera ngati mpunga, timene ogula nkhumba amati masese. Mbali ina anajambula munthu ali ndi nyongolotsi yaitali yopindikapindika m'mimba. Ndinkaloza ndi ndodo n'kunena mwamphamvu kuti nyama yotere ndi yokwirira basi, ngakhale mwini wake alire bwanji.

Disembala, patapita zaka ziwiri

Bambo anu, a Luwizi, anali kalaliki ku njanji, ndipo titakwatirana tinakakhala ku Mpingwe pabwalo la makolo awo, m'kanyumba ka zipinda ziwiri moyang'anizana ndi nyumba yaikulu. Agogo anu aamuna, a Zuze, anachokera kwa Apwitikizi, kumunsi kwa Zambezi. Anaphikira Mpwitikizi wina zaka zambiri, kenaka anakwera kuno nadzaphika mu hotela ina ku Limbe mpaka mawondo anayamba kukana. Anali munthu wa mawu ochepa, Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chisena, ndipo chimene anena iwo pabwalo paja ndicho chinkachitika.

Kwathu ku Naperi ndinakula ndikudya patebulo limodzi ndi bambo anga, n'kumatsutsana nawo za m'nyuzipepala. Ku Mpingwe ndinapeza kuti mkazi wa mwana salankhula ndi apongozi ake aamuna. Ukakumana nawo panjira umapatuka n'kugwada. Ukakhala ndi mawu umauza apongozi aakazi, iwo n'kukatula, yankho n'kubweranso njira yomweyo. Ndinakhala pamenepo chaka ndi miyezi ingapo osamvapo liwu la a Zuze lolunjika kwa ine, chikhalirecho zitseko zathu zinkayang'anana.

Mwana wathu woyamba, Tereza, atabadwa ndinasanduka munthu wina, ndipo izi ndikulemba mosabisa. Ndinali mayi wamantha. Ndinkawiritsa chilichonse, supuni, matewera, ngakhale kansalu komupukutira kukamwa. Aliyense wofuna kumunyamula ndinkayamba ndamupatsa sopo ndi madzi, ndipo tsiku lina ndinasambitsa m'manja a katekisiti pamaso pa anthu. Lamulo linali kuyeza mwana kamodzi pamwezi, koma wanga ndinkamupachika pasikelo tsiku ndi tsiku Sisitala akatembenuka. Agogo anu aakazi, a Malita, amene analera ana asanu ndi awiri, ankangoseka, n'kumauza anzawo kuti mdzukulu wawo ndi wowiritsa ngati dzira.

Sisitala anandilola kwa miyezi ingapo kuti ndizigwira m'mawa wokha, Tereza ali kumbuyo. Pakati pa Disembala anandiitana mu ofesi nandiuza kuti chisomo chatha. Kuyambira tsiku lachiwiri la Januwale ndizigwira tsiku lonse, kuyendera makomo komwe, mwana atatsala kunyumba. Ngati sizitheka, malo anga apatsa mtsikana wina amene wangotuluka kumene ku koleji. Yankho analifuna m'mawa wa tsiku limenelo.

A Malita anati iwo mwana angathe kutsala naye, koma mawu a a Zuze anabwera kudzera mwa iwo omwewo kuti mwana woyamwa sasiyidwa, ndipo mwamuna akamagwira ntchito mkazi alibe chofuna m'misewu ya Limbe. Anawonjezera kuti nkhaniyi idzamangidwa pa Chaka Chatsopano, akadzabwera achimwene aakulu a a Zuze, a Mateyu a ku Nancholi, amene anali mutu wa banja. Bambo anu anandilangiza kuti tsiku limenelo ndidzakhale ngati madzi a mumtsuko, ndidzatunge, ndidzagwade, ndisadzatsegule pakamwa, kuti akuluakulu adzaone okha kuti sukulu sinandiwononge. Ndinavomera. Ntchito ndinkaifuna kwambiri, chifukwa ndinali nditaivutikira. Koma kunena zoona, kamtima kena kankalakalaka andikanize, kuti Tereza asachoke m'manja mwanga ndipo mlandu usakhale wanga.

Tsiku la Chaka Chatsopano, m'mawa

Chaka chilichonse pa tsikuli a Zuze ankawotcha nkhumba yathunthu, monga ankachitira kwa Mpwitikizi uja, ndipo abale ankabwera kuchokera ku Nancholi, ku Bangwe ndi ku Ndirande. Nkhumbayo ankaigula ili yaing'ono, n'kuilerera m'khola kuseri kwa nthochi, ndipo woidyetsa chaka chonse anali a Malita.

Inaphedwa kutangocha. Ine ndinkathamanga ndi ndowa za madzi owira, amuna akupala ubweya ndi mipeni mpaka inayera mbee. Ataitumbula anaigoneka pa chitseko chakale choyalidwa masamba a nthochi, ndipo a Zuze anaika chitsononkho m'kamwa mwake kuti ipse ili yasaa. Kenaka iwo ndi a Mateyu anapita kukaona moto kudzenje lowotcherapo, ine n'kuuzidwa kuti nditsuke mutu. Ndinagwada, ndinathira madzi, ndinasuzumira m'kamwa. Pansi pa lilime panali timadontho toyera, tambiri, tofanana ndendende ndi mpunga.

Ndinayang'ana pabwalo, ana a abale akuthamangitsana, amayi apakati awiri atakhala pamkeka akusankha mpunga. Ndinadzuka n'kupita kwa bambo anu, amene ankawaza nkhuni, n'kuwanong'oneza. Anaika nkhwangwa pansi, anayang'ana kumene kunali bambo awo, nandiuza motsitsa mawu kuti, "Amake Tereza, lero lokha. Mawa mukayeze nkhumba zonse za mu Limbe, koma lero lokha." Ndinapita kwa a Malita, amene ankasinja adyo ndi tsabola mumtondo. Nditangotchula za m'kamwa mwa nkhumba anandidula, nati tikambirana nyama ikapsa, ndipo anasinja mwamphamvu kuposa kale osandiyang'ana. Ndinaganiza kuti ndawakwiyitsa.

Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pabedi pafupi ndi Tereza. Ndinadziuza kuti moto umapha masese, ndipo n'zoona tinaphunzira choncho. Koma tinaphunziranso kuti nyama yochindikala imapsa kunja m'kati muli mwazi, nanga ntchafu ya nkhumba yathunthu? Ndinadziuzanso kuti ndikakhala chete mwina andilola kubwerera ku ntchito. Ndiye ndikabwerera ndikaima bwanji pakhonde paja ndi ndodo yanga, kuuza amayi kuti akwirire nyama ngakhale mwini wake alire? Pawindo ndinaona a Zuze akubwera ndi chitsulo chachitali chobayira nkhumba, a Mateyu ali pambuyo ndi waya. Sindikumbukira kuti ndinatuluka bwanji. Ndinangozindikira ndagwada pafupi ndi chitseko chija, pafupi kwambiri kuposa mmene ndinayandikirapo kwa apongozi anga.

"Bambo, pepani. Nkhumbayi isawotchedwe. Ili ndi masese."

Mtondo unaleka kulira. A Mateyu anatembenukira kwa bambo anu n'kufunsa kuti kodi mayiwa akulankhula ndi yani. Bambo anu anayang'ana nkhuni ngati yankho lili pamenepo. A Zuze sanandiyang'ane. Anauza a Malita kuti andifunse kuti ndawaona pati, koma ine poti ndinali nditagwa kale m'madzi, sindinadikire, ndinaloza ndi chala ndekha.

A Zuze anatsamiritsa chitsulo pamtengo wa mango, anagwada pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo aja, anachotsa chitsononkho, nakoka lilime. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapala ndi chikhadabo, nathira madzi a m'kapu, ndipo timadontho tonse tinagwera m'dzanja lawo. Anatenga kamodzi nakafinya pakati pa zala, nakanunkhiza.

"Misere," anatero. Anadzutsa mutu. "Malita, ndinati nkhumba isadye kanthu kuyambira dzulo."

A Malita anaphimba kukamwa ndi chitenje. Anaulula kuti kusanache inkalira ngati munthu, ndiye anaiphikira phala la misere ya chimanga, chifukwa cholengedwa chimene wachidyetsa chaka chathunthu sungachilole kuyamba ulendo wautali chonchi ndi njala. Woyamba kuseka anali mmodzi wa amayi apakati aja, kenaka bwalo lonse. Ena ankaseka a Malita, ambiri ankaseka ine. Ndinakhalabe chogwada, ndikulakalaka dzenje anakumba lija likadakhala langa.

Phokoso litatsika ndinamva mawu amene sindinawamvepo akubwera kwa ine.

"Apongozi, masese munawaonapo?"

"Pachithunzi, bambo."

"Pachithunzi," anabwereza, ngati akulawa mchere. "Senderani kuno."

Anandionetsa kuti masese enieni sachoka ndi madzi chifukwa amakhala m'kati mwa mnofu, ngati timatuza, ndipo chala chimawamva maso asanawaone. Anatukula lilime nandiuza kuti ndipapase ndekha pansi pake, ndinapeza posalala. Anafotokoza kuti pogula nkhumba yamoyo umaigwetsa, kuipingasa mtengo m'kamwa, n'kukoka lilime ndi kansalu, ndipo iyi anaiyang'ana choncho tsiku logula. Anacheka pang'ono m'kati mwa tsaya, anaitanitsa mtima umene unali m'beseni naung'amba pakati, anachekanso kuphewa. Monsemo munali mofiira bwino, mopanda kadontho. Zimene anandiphunzitsa atagwada pamenepo, ku koleji sanatiphunzitse, ndipo ndinazigwiritsa ntchito mpaka tsiku lopuma.

Atadzuka anauza anthu, osati ine, kuti popeza apongozi achedwetsa nkhumba, woitembenuza ndi iwowo. Kudzenje sikunkakhala munthu wamkazi. A Mateyu anatsokomola, koma mwini nkhumba anali atanena.

Tsiku lomwelo, dzuwa likukwera

Dzenje linali lalitali ngati bedi, lakuya kufika m'mawondo, ndipo uku ndi uku anazika mphanda ziwiri za mtengo wauwisi. Nkhuni anaziyatsira pambali, padera, ndipo m'dzenje munkalowa makala okhaokha otengedwa ndi fosholo. A Zuze anapaka nkhumba m'kati monse zosinja za a Malita zija, adyo, mchere, tsabola wa kambuzi ndi madzi a mandimu, nasoka mimba ndi waya. Chitsulo chinalowa kumbuyo n'kutulukira kukamwa, miyendo anaimanga zolimba kuti isagwedezeke, makutu ndi mchira anazikulunga masamba a nthochi kuti zisapserere. Khungu analibaya ndi foloko paliponse, nalipaka mchere wokha. Amuna anayi anainyamula n'kuipachika pa mphanda.

Ine ndinafuna kukokera makala onse pansi pa mimba kuti ipse msanga. A Zuze anandiletsa ndi mawu amodzi a Chisena, nkhabe, kutanthauza kuti ayi, ndipo anakankhira makala kumapeto, mulu wina pansi pa mapewa, wina pansi pa ntchafu, pakati n'kusiyapo pang'ono. Anati pamimba ndi popyapyala, ndipo mafuta akadonthera pamoto malawi amanyambita khungu n'kulidetsa m'kati musanamve kanthu. Pakatipo anaikapo chitini chodula cholandirira mafuta. Anandiuza kuti nditambasule dzanja pafupi ndi nkhumba n'kunena Tikuoneni Maria mumtima. Ndikachotsa dzanja ndisanafike pakati, moto wachuluka. Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti ndinakulira ku Chipresibateriya ndipo pempherolo ndikuliphunzirabe. Anandiyang'ana koyamba m'maso, nati ndiye ndinene la kwathu, bola likhale lalifupi.

Kumapeto kwa chitsulo kunali chogwirira chopinda. Ntchito yanga inali kutembenuza pang'ono, kuimika ndi mwala, kudikira iwo agwedeze mutu, kutembenuzanso. Iwo anakhala pa kampando ndi kandodo komangirira nsalu kunsonga, n'kumaviika m'chitini cha mafuta chija n'kumapaka. Utsi unkandilowa m'maso, kunyada kwanga konse kunali kutatha kale, ndipo khutu langa lonse linali kunyumba, kumene Tereza anali atadzuka n'kuyamba kulira. Ndinasuntha kuti ndidzuke. Ndinaona a Malita akulowa m'nyumba mwathu, manja omwe aja a adyo ndi tsabola, atangowapukuta pachitenje. Anatuluka naye kumbuyo, ndipo kulira kunatha.

"Malita analera asanu ndi awiri," anatero a Zuze. "Tembenuzani."

Kenaka anayamba kundifunsa, maso ali pa nkhumba, kuti kwenikweni ku Limbe ndimakachita chiyani. Ndinawauza za sikelo, za zimbudzi, za mkaka umene ndinkamwa pamaso pa amayi. Nkhani ya mkakayo inawaseketsa mpaka anatsokomola. Anafunsa ngati anthu amandithamangitsa m'makomo mwawo, ndinati ena amatero, wina anandimasulira galu. Anafunsa ngati ndinabwererako kwa wa galuyo, ndinati ndinabwerera mawa lake chifukwa mwana wake anali ndi chifuwa. Anawonjezera makala kuntchafu.

Dzuwa lili pamutu mitambo inada kuphiri ndipo kunayamba kuwaza. Pabwalo panali chipwirikiti, amayi akuthawitsa mikeka, bambo anu ndi anzawo akuzula malata awiri pakhola lopanda mwini lija n'kudzawagwira pamwamba pa dzenje ndi manja, chifukwa nthawi yozika mitengo panalibe. Anaima choncho ngati zipilala, madzi akuyenderera m'mikono, bambo awo akuwauza kuti akweze kuno, atsitse uko, dontho limodzi lisagwere pakhungu. Ine ndinali pansi pa malata, wouma, ndikutembenuza, ndipo bambo anu anandiyang'ana ndi diso loti tikaonana kunyumba. Mvulayo sinakhalitse.

Anthu atabalalika, a Zuze anandisimbira nkhani imene ana awo omwe sankaidziwa. Anati ali mnyamata kukhitchini kwa Mpwitikizi uja, tsiku lina la phwando anacheka tsaya la nkhumba n'kupeza masese enieni, odzaza. Alendo anali atafika kale kuchokera kutali, ndipo bwanayo anali ndi thabwa lake lomenyera m'manja, limene likakutera kasanu sungagwire mpeni sabata yathunthu. Anatseka tsaya lija, anawotcha nkhumbayo mpaka inatsala pang'ono kusanduka khala, naipereka patebulo. Ana a bwanayo anadya, antchito anzake anadya zotsala. Chaka chonse ankangowayang'ana, mwana akati m'mimba iwo mtima phaa. Sanaone amene anadwala, koma kuyambira pamenepo nkhumba iliyonse amaiyang'ana katatu.

"Ine ndinaona enieni, ndinakhala chete," anatero. "Inu mwaona phala la Malita, bwalo lonse lamva." Anapukusa mutu, akumwetulira chamumtima. "Tembenuzani."

Chakumasana anachotsa masamba kumakutu, anasendeza makala pafupi, ndipo tinayamba kutembenuza mofulumira. Khungu linafiira, linatupa timatuza, linayamba kuthetheka. Fungo linafika mpaka kumsewu, moti anthu odutsa ankachedwa dala pampanda kupereka mafuno a chaka chatsopano. A Zuze anagogoda pamsana ndi chogwirira cha mpeni, panalira ngati chitseko. Anabaya m'kati mwa ntchafu mpaka pafupa, nandiitana kuti ndione madzi otuluka. Anali oyera, opanda mwazi. Anandifunsa ngati a zaukhondo avomereza. Ndinati avomereza. Anati pyadidi, ndiye kuti zili bwino, naitana amuna kuti adzaitule.

Madzulo ake

Tinadyera pansi pa mango, amuna pamipando, amayi pamikeka chapatali pang'ono. Panali mpunga, kabichi ndi mandimu odula. Khungu linkaphwanyika m'kamwa ngati chimanga chokazinga, mnofu ukungochoka wokha pafupa. A Malita anakana kudya, anati sangadye mnzawo, koma ndinawaona kukhitchini akutafuna khutu atatembenukira kukhoma. Amayi a ku Ndirande ankabwera kwa ine mmodzimmodzi n'kutulutsa lilime kuti ndiwayeze. Ndinaseka nawo, nanga ndikanatani, koma mtima unali pa nkhani ya ntchito yanga, chifukwa ndinkadziwa kuti ndiyo ikutsatira.

Mbale zitachotsedwa a Mateyu anaitanitsa a Malita, bambo anu ndi ine. Ndinagwada patali monga mwa masiku onse, Tereza ali pamiyendo. Anayamba ndi kuyamika nkhumba, kenaka analowa m'nkhani. Anati iwo sadana ndi sukulu, ana awo omwe ali pasukulu, koma zimene zachitika m'mawa aliyense waziona. Mkazi wa mwana waimitsa apongozi ake pamaso pa alendo, wadumpha amayi ake, wadumpha mwamuna wake, ndipo pomaliza chinthucho n'kukhala phala. Ngati wayamba chonchi akugwira theka la tsiku, akamagwira tsiku lonse adzaimitsa yani? Maganizo awo anali akuti ndikhale pakhomo, ndilere mwana, ndiphunzire mwambo. Anafunsa bambo anu ngati ali ndi mawu, ndipo bambo anu, Mulungu awapatse mpumulo, anati iwo amva zimene akuluakulu anene.

Ndinaweramitsa mutu. M'maso munadzaza misozi, ndipo pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti kamtima kofuna kukanizidwa kaja kanali kabodza. Ntchito ndinkaifuna.

A Zuze anatenga nthawi akupukuta mpeni wawo pa tsamba la nthochi.

"Achimwene, mwanena zoona, ndipo mwaona nokha," anatero. "Ndiye taganizani. Munthu wotereyu tikamusunga pabwalo pano kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mawa atiyang'ana ife pansi pa lilime. Apite ku Limbe akavutitse a kumeneko, ife tizipumako masana. Mwana atsala ndi Malita."

A Mateyu anayesa kuumitsa nkhope, koma inawakanika. Anaseka mpaka anagwira phewa la mng'ono wawo, nati nkhumba ndi ya a Zuze, mpongozi ndi wa a Zuze, iwo asamba m'manja. A Malita anati asambedi, ndi sopo, apo ayi mdzukulu samugwira.

M'mawa mwake ndinavala yunifolomu, ndinayamwitsa Tereza, ndinamupereka kwa agogo ake pamodzi ndi malangizo ambirimbiri a supuni, madzi owiritsa ndi ntchentche. A Malita ankangoti eya, eya, akumubereka kale. Ndinatuluka pampanda, ndinayenda pang'ono, ndinabwerera kudzanena za chipewa chake. Ndinatulukanso, ndinafika pa mtengo wa bulugamu, ndinabwerera kudzanena za phala. A Zuze anali atakhala pafupi ndi khomo la mpanda akukwecha chitsulo chija ndi mchenga. Nditatembenuka kachitatu anadzuka ndi mawondo awo ovuta aja, anandiyang'ana, nati, "Apongozi, basi ikusiyani."

Anakoka chitseko cha mpanda n'kuchitseka, ine ndili kunja.